Usakalembe Kuti Ulibe Ngongole

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana a Lamulungu, iwe utapita kudoko kukatsanzika anzako. Ndasankha kulemba chifukwa pakamwa talephera. Masiku anayi tsopano tikungokalipirana. Ndikayamba kulankhula ine, iwe umatuluka. Ukayamba iwe, ine mutu umatentha. Uwerenge zonse mpaka pamene ndasainira, ndipo uwerenge lero lomwe, usadikire kuti ukhale m'basi ya ku Lilongwe.

Ndakwiya nawe, ndipo sindikubisa. Lachitatu lapitali ndinali kuyanika mpunga pabwalo pamene panafika mtsikana pa njinga yamoto, chikwama chili kumsana. Ndinamuyalira mkeka mwaulemu poyesa kuti wachokera kuboma, wabwerera za ntchito yako. Iye anati, "Ndikufuna a Tiyamike Namulewa. Ndachokera ku kampani yobwereketsa ndalama. Patha miyezi itatu asanapereke kalikonse." Ine ndinaseka. Ndinamuuza kuti wasokera khomo, mwana wa pano sanakongolepo ngakhale mchere. Anatulutsa pepala. Chithunzi cha chiphaso chako, dzina lako, ndi kusaina kwako kuja kumene umapinda T ngati mbedza. Loni ya njinga yamoto. Njinga yomwe ija imadutsa pano tsiku ndi tsiku ndi Davie, chibwenzi chako, itanyamula anthu ndi madengu a matemba, iye n'kumandiimbira hutala ngati akundilemekeza. Ine n'kumakweza dzanja, osadziwa kuti akuyendera dzina la mwana wanga. Azimayi amene ankapita kudimba anaima pamsewu kumvetsera zonse. Sindinachitepo manyazi otero pakhomo panga.

Koma chimene chandikwiyitsa koposa si njingayo. Ndi mawu amene unandiyankha madzulo ake. Unati Davie sakanapatsidwa loni chifukwa dzina lake linaipa kale ku kampani ina, ndiye iwe unangomuthandiza. Ndinakukumbutsa za kalata yako ya ntchito. Kalatayo ikunena poyera kuti ntchito wapambanayi ndi yosunga mafayilo achinsinsi a boma, ndipo asanakupatse chilolezo chowakhudza, ayamba afufuza mbiri yako, zija mukuti vetingi. Lachitatu likubwerali ukadzaza fomu yawo, ndipo pafomupo pali funso la ngongole. Ukukumbukira zimene unanena? "Aaa amayi, ndikangolemba kuti ndilibe. Anthu a ku Lilongwe adziwa bwanji za njinga ya ku Chilwa? Inu za m'maofesi a masiku ano simukuzidziwa, zisiyeni." Unanena uku ukuseweretsa foni, osandiyang'ana n'komwe.

Chabwino, za masiku ano sindikuzidziwa. Tamvera tsono za masiku anga. Iwe wakula ukumva kuti ndinagwirapo ntchito yotaipa pa ofesi ina ya boma ku Zomba, n'kusiya chifukwa maso ankandiwawa. Linali bodza limenelo. Maso anga mpaka lero amalowetsa ulusi pa singano popanda magalasi. Ndinali mtsikana woyamba m'mudzi muno kukhala pa tebulo la boma. Ndinkavala siketi yositasita, Lachisanu ndinkabwera kuno ndi buledi ndi sopo, ana ankandithamangira kuyambira pamlatho. Ndinali wonyada ngati iweyo, ndipo ndinkayesa kuti ndine wochenjera kuposa aliyense amene sanaphunzire. Ntchito imeneyo ndinaitaya ndekha, ndipo ndisanaitaye ndinawononga moyo wa munthu wina. Izi sindinauzepo aliyense, ngakhale malemu bambo ako. Ndikukuuza iwe chifukwa wandikakamiza ndi kuuma mutu kwako.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kwa chikondi, monga kwakoku. Tinali titangokwatirana ndi bambo ako pamene nyanja ya Chilwa inaphwa. Iwe unaiona ikuphwa uli wamkulu kale, ukudziwa mmene zimakhalira: mabwato ali gone pamatope, anthu akupita ku chilumba cha Chisi wapansi, kudoko kuli zii. Bambo ako anali msodzi, ndipo mwadzidzidzi anasanduka munthu wongokhala pakhonde. Anaganiza zoyamba geni yogula nsomba zouma kutali n'kumadzagulitsa ku Zomba. Mpamba analibe. Ine ndinkalandira malipiro, ndiye ndinapita kwa a Nampeya, mkulu wina amene anali ndi malole awiri ndi sitolo, komanso ankakongoza katapila kwa ife ogwira ntchito m'boma. Ukatenga handiredi, pakutha pa mwezi ubweze handiredi fifite, ukalephera ndalamayo imabereka ina. Monga chikole anatenga buku langa la kubanki. Anandipatsa ndalamazo akumwetulira, nati, "Inu ndi ana athu, tisaopane." Geni ya bambo ako inagwa pa ulendo wachiwiri, nsomba zitanyowa ndi mvula panjira. Kuyambira pamenepo tsiku la malipiro ndinkapita kubanki ndi a Nampeya, iwo atagwira buku langa, ine ndikuyenda pambuyo ngati mbuzi yopita kumsika. Ankatenga zawo pakhomo pa banki pomwepo, zotsala n'kundiponyera m'manja. Bambo ako ndinkawakonda, sanandinamize, ndipo anavutika nazo mtima mpaka kuwonda. Koma pabukupo panali dzina langa. Amene ankayenda pambuyo pa a Nampeya ndinali ine. Ukumva, Tiyamike? Amene wasaina ndiye amagwidwa, wokwera njinga sagwidwa.

Kulakwa kwachiwiri n'kumene kumandilepheretsa kudya ndikakukumbukira. Chaka chimenecho kunali njala, ndipo ofesi yathu inkafuna malole onyamula chimanga cha chithandizo kupita kumidzi. Eni malole ankayenera kulemba mitengo yawo, ndipo ofesi inali itagwirizana mwachinsinsi mtengo umene siingapyole. Mayi amene anali ndi chilolezo chotaipa makalata achinsinsi anali patchuthi cha uchembere. Bwana wathu, pofulumira, anandipatsa ine kalata ya mtengo wachinsinsiwo, nati, "Taipani msanga, ndipo mwaonazo ziiwaleni." Patangopita masiku awiri a Nampeya anandidikira pansi pa mtengo wa kunja kwa ofesi. Sanakalipe. Anandifunsa za bambo ako, za amayi anga, kenaka anati, "Mwana wanga, ngongole yako yakula, ndipo ndikukumvera chisoni. Ndiuze nambala imodzi yokha, chiwongoladzanja cha miyezi iwiri ndichichotsa." Ndinati sindikudziwa chimene akunena. Iwo anaseka, natulutsa buku langa m'thumba la jekete, n'kumaliwomba pachikhatho. "Kapena ndilowe ndikawafunse abwana ako ngati akudziwa kuti malipiro ako amalandira ndine?" Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kunena nambalayo. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi. Ndinabwerera pa tebulo langa n'kupitiriza kutaipa ngati palibe chachitika.

Iwe ukuganiza kuti boma limafunsa za ngongole chifukwa chofuna kunyoza ana a anthu osauka. Unatero dzana, ndinakumva. Ayi. Limafunsa chifukwa cha anthu ngati ine. Sindinali wakuba, ndinkaimba kwaya, sindinatengepo ngakhale pensulo ya boma. Koma munthu wina anali ndi buku langa m'thumba, ndipo ndinkaopa kuti anthu adziwa. Mantha amenewo ndi amene anatsegula pakamwa panga.

A Nampeya anapambana ntchito ija ndi mtengo woyandikana kwambiri ndi wachinsinsi uja, moti eni malole ena anadandaula, ndipo kunabwera ofufuza. Bwana sananene kuti kalatayo ndinataipa ndine, chifukwa akanadziulula yekha kuti anapatsa munthu wopanda chilolezo. Ndiye mlandu unagwera Che Saidi, mesenjala wathu, bambo wachikulire wa kwa Kuntumanji amene ankanyamula maenvulopu pa njinga kupita nawo ku maofesi ena. Wina anawaona atakwera lole ya a Nampeya Lachisanu lina popita kwawo. Basi, umboni unali womwewo, kukwera matola. Bambo amenewa ankandibweretsera mango a pakhomo pawo, ankanditcha mwana wawo, tsiku langa loyamba pantchito ndi iwo anandionetsa pokhala. Anatsala ndi zaka zitatu kuti apume n'kulandira penshoni. Kalata yowachotsa ntchito ndinataipa ndine, Tiyamike. Ndi manja awa. Ndinalakwitsa kawiri, n'kuyambiranso pepala lina, koma ndinaimaliza. Atabweza yunifomu ndi njinga anabwera pa tebulo langa atavala malaya akunyumba, nati, "Tsala bwino mwanangu. Mulungu akudziwa kuti envulopu ija sindinaitsegule." Ine ndinati, "Pepani, Che Saidi," maso ali pa makina. Pambuyo pake ankamata machubu a njinga pamsika mpaka anamwalira. Mwana wawo wamkazi, amene anali ku sekondale, analekera panjira. Kumaliro awo ndinapita, ndinakhala kutali kumbuyo, ndipo anthu ankati ndine wokhulupirika pokumbukira mnzanga wa kuntchito.

Kulakwa kwachitatu n'kumene iwe ukufuna kukachita Lachitatu. Patapita miyezi ingapo bwana ananditchula kuti ndikwezedwe, ndizitaipa makalata achinsinsi mokhazikika. Malipiro akanakwera, ndipo ndinaona ngati Mulungu wandikhululukira. Anandipatsa fomu, ndipo funso lake linali lomwelo limene ukakumane nalo: kodi muli ndi ngongole kwa munthu kapena bungwe lililonse? A Nampeya anali atachotsadi chiwongoladzanja cha miyezi iwiri, koma ngongole inalipobe, buku linali kwa iwo. Ndinaganiza monga ukuganizira iwe, kuti katapila salembedwa kuboma, adziwa ndani? Ndinalemba kuti ndilibe. Patatha milungu itatu anandiitanira m'chipinda china mmene munali amuna awiri amene sindinkawadziwa. Wamkulu wake, wa imvi, anandipatsa moni bwinobwino, natsegula fayilo.

"Mayi, apa mwalemba kuti mulibe ngongole. Buku lanu la kubanki lili kuti?"

"Lili kunyumba, bwana."

"Mungapite kukalitenga? Tidikira."

Sindinanyamuke pampando. Iwo anali atafunsa kale kwa anzanga a mu ofesi, kwa mwini nyumba imene ndinkachita lendi, ndi kwa anthu amene ankationa pakhomo pa banki mwezi ndi mwezi. Aliyense ankadziwa. Chinsinsi chinali m'mutu mwanga mokha.

Mkulu uja anatseka fayilo nati, "Mayi, ngongole ili ndi aliyense, ngakhale ine ndili nayo. Mukanalemba, tikanakufunsani kuti munaitengeranji ndipo mukubweza bwanji, mwina tikanati muyambe mwaimaliza, tidzakuonaninso. Koma ngongole imene munthu akuibisa ndiyo timaiopa, chifukwa amene akuidziwa akhoza kumutuma chilichonse. Tsono mwatinamiza pa chinthu chaching'ono chonchi, tikusungitseni bwanji zazikulu?" Kenaka anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Dzina la Nampeya talimvapo kale mu ofesi muno." Umboni analibe, koma ndinaona m'maso mwawo kuti akudziwa. Chilolezo anandikaniza, ndipo pafayilo yanga analembapo mawu amene akanandilondola kulikonse m'boma.

Sanandichotse ntchito. Ndinachoka ndekha. Mwezi wotsatira a Nampeya anandidikiranso pansi pa mtengo womwe uja, tsopano akufuna kuti ndizisuzumira m'mafayilo a pa tebulo la bwana. Nditakana anati, "Nanga ndikawauza kuti Che Saidi anachotsedwa popanda chifukwa, iwe ukagona kuti?" Ndinazindikira kuti sadzandisiya mpaka kalekale. Ndinalemba kalata yosiya ntchito, kandalama kochepa kamene ndinalandira kanapita konse kwa iwo, ndipo zotsala tinamaliza ndi mpunga wa zaka ziwiri. Ndinabwerera kuno ndi sutikesi imodzi ndi nkhani ya maso. Kuyambira pamenepo ndakhala m'matope a m'dimba ndi mu utsi wowambira nsomba, ndipo ndi matope amenewo ndinakulipirira sukulu mpaka dipuloma bambo ako atatisiya. Sindikudandaula za ntchito ya manja. Ndikudandaula kuti ndinavutika zaka zonsezi kuti iwe ukafike pamene ine ndinagwera, ndiye iwe ukufuna kukagwera pomwepo, mwa njira yomweyo, chifukwa cha mnyamata wa kabaza.

Tsopano za Davie, popeza ukundiimba mlandu woti ndakuchititsa manyazi. Inde, Lachinayi ndinapita pa siteji pamene amadikira anthu. Ndinamuitanira pambali mwaulemu, sindinakuwe. Ndinamufunsa chifukwa chimene sakubwezera loni pamene njinga ikuyenda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Sanatsike n'komwe panjingapo. Anati, "Mayi, musadandaule, ndi nkhani yaing'ono. Tiya akayamba kulandira titseka zonse." Ndinati, ndiye kuti mwana wanga akagwire ntchito yolipira njinga yako? Iye anaseka, nati, "Ndi banja limodzi, mayi. Komanso akakhala m'katimo zitiyendera tonse. Ntchito zikamatuluka, makontirakiti a boma akamabwera, tizidziwa msanga ifeyo." Ntchito sunaiyambe n'komwe, Tiyamike, fayilo ngakhale imodzi sunaigwire, koma mnyamata ameneyu wakonza kale zoti uzimuuza za m'katimo. Ndinagwira chiwongolero cha njingayo n'kumuuza mawu amene sindingalembe pano tsiku la Mulungu, ndipo ndi pamenepo anthu anasonkhana. Sindikupepesa.

Lachisanu ndinapita kwa amalume ake, munthu womva zinthu, amene sankadziwa kalikonse. Tinamutenga Davie pamodzi ndi njingayo mpaka ku ofesi ya kampani ija ku Zomba. Njinga yabwezedwa, aigulitsa, ndipo mtengo wake auchotsera pa loni. Patsala ndalama ina, si yochepa, koma agwirizana zoti izibwezedwa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Amalume ake alonjeza pamaso pa mboni kuti theka lichokera kubanja kwawo. Kaya akwaniritsa, kaya ayi, usawerengere zimenezo. Pepala la mgwirizano likudikira iwe, chifukwa dzina ndi lako ndipo ine sangandilole kusaina. Davie kuyambira tsiku limenelo sanakuimbire foni, ndipo ndakuona ukulira kuseri kwa nyumba. Ndikudziwa kuti ukundida. Ndide, koma dzifunse chifukwa chake munthu amene amati akukwatira wakhala chete njinga itangochoka. Zoti ukwatiwa naye kapena ayi ndi zako, sindikusankhira mwamuna. Koma dzina lako sadzayendanso nalo ine ndili moyo.

Ndipo usayembekezere kuti ndigulitsa dimba kuti ndifafanize ngongoleyi mwakachetechete Lachitatu lisanafike. Ndinaganizapo, usiku wa Lachitatu lapitali sindinagone poganiza zimenezo. Koma ngakhale ndikanatero, miyezi itatu imene sinalipidwe ija inalembedwa kale. Masiku anga ofufuza ankachita kuyenda wapansi kukafunsa anthu, ndipo anapeza zonse. Masiku ano n'zosavuta: mtsikana wa loni uja anangodina pa foni yake n'kundionetsa mbiri yako yonse, nandiuza kuti makampani otere amatumiza mayina a olephera kubweza kumalo amodzi kumene mabanki ndi ena amakafunsa. Ukuganiza kuti boma silidziwa njira ya kumeneko? Komanso ndikakulipirira mobisa, ndiye kuti ndakuphunzitsa kuti zinthu zimakonzedwa pobisa. Wasaina wekha, ubweza wekha. Matumba awiri a mpunga ndagulitsa kuti upeze poyambira ku Lilongwe, za lendi ndi chakudya mpaka malipiro oyamba. Ndalama imeneyo si ya Davie, si ya loni, si yogulira nsapato.

Tsono mvera zochita, ndipo usasinthe kalikonse. Mawa tikafika ku Zomba, usanakwere basi, ukalowa mu ofesi ya kampani ija n'kusaina mgwirizano. Ukapemphe kalata yodinda chidindo yonena kuti njinga inabwezedwa, kuti patsala zingati, ndi kuti uzibweza bwanji. Ukaijambulitse kawiri. Lachitatu pafomu paja ukalembe kuti ngongole uli nayo. Ukatchule kampani, ukatchule ndalama yake yeniyeni, osachepetsa, ukatchule miyezi itatu ija, n'kuphatikizapo kalatayo. Akakakuitana kuti akufunse, ukanene zonse, ndi za Davie zomwe: kuti unasainira chibwenzi, kuti unapusa, kuti wakonza chonchi. Udzachita manyazi, nkhope idzatentha, mwina mmodzi wa iwo adzamwetulira monyoza. Pirira. Manyazi amenewo amatha tsiku lomwelo. Usakalembe kuti ulibe ngongole, Tiyamike. Ndikubwereza chifukwa ndikukudziwa, umavomera ndi pakamwa mtima uli kwina. Usakalembe kuti ulibe.

Akakakulola kugwira ntchitoyo, chiphaso chako chisachokenso m'manja mwako. Usasainire munthu aliyense loni, kaya ndi mwamuna, kaya ndi mnzako wa kutchalitchi, kaya ndi achibale amene ayambe kukuimbira akamva kuti uli m'boma. Ngakhale ine, ndikadzabwera ndikulira kuti undisainire, udzandikanize. Mu ofesi momwemo udzapeza a katapila ovala bwino, ena ndi anzako a tebulo loyandikana, odzakukongoza mwachifundo pakati pa mwezi. Timaloni ta pafoni tija timene mumati n'tating'ono, natonso timalembedwa. Gona pamkeka miyezi isanu ndi umodzi kusiyana n'kutenga bedi ndi mipando pangongole kuti anthu akuone. Zikakuvuta ndithu, monga matenda, kongola poyera, kumalo odziwika, ndipo ngati malamulo a pantchito akuti uwadziwitse, uwadziwitse usanafunsidwe. Ndipo tsiku limene munthu aliyense adzakufunse za zimene zili m'fayilo, ngakhale moseka, ngakhale ndi munthu amene uli naye ngongole, ngakhale ndi amene ukugona naye nyumba imodzi, ukanene kwa bwana wako tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ine ndikanalowa mu ofesi masana aja n'kunena kuti kunjaku kuli munthu akundiopseza, ndikanakalipiridwa, basi. Che Saidi akanalandira penshoni yawo.

Sindikukulonjeza kuti ukanena zoona akupatsa chilolezo. Mwina adzati dikira mpaka umalize kubweza. Mwina adzakuika pa ntchito ina yopanda zinsinsi. Mwinanso adzakubweza, malo ako n'kupatsa wina. Zimenezo zikhoza kuchitika, ndipo zidzandipweteka kuposa mmene zidzakupwetekere iwe. Zikatero bwera kunyumba masana, anthu akuona, ndidzakuchingamira pa siteji ndi kukusenzera katundu. Tidzalima, tidzamaliza ngongoleyo, udzafunsiranso ntchito dzina lako lili loyera. Koma ukakanama, ngakhale zikuyendere, ngakhale asakugwire, ndalama ya malipiro amenewo usanditumizire, sindidzaidya. Ndipo dziwiratu kuti ofufuzawo akadzafika pano kudzandifunsa za iwe, ndidzawayalira mkeka ndi kuwauza zonse monga zilili. Sindidzakunamira.

Kwatsala chimodzi. Polemba kalatayi ndaona kuti sindingakulamule kunena zoona ine ndikukhalirabe bodza langa. Mwana wa Che Saidi uja, amene analekera sukulu panjira, alipo kwa Kuntumanji, amagulitsa zitumbuwa pafupi ndi sukulu ya pulaimale. Amandipatsa moni mwaulemu nthawi zonse chifukwa ndinabwera kumaliro a bambo ake. Loweruka ndikwera njinga kupita kumeneko. Ndikamuuza kuti bambo ake sanatsegule envulopu, ndi kuti amene ananena nambala ija ndine. Kaya akanditukwana, kaya akandithamangitsa, kaya nkhaniyi ifika m'mudzi muno ine ndisanafike, sindikudziwa. Ndikuopa kwambiri, mwana wanga, kuposa mmene iwe ukuopera fomu yako. Iwe Lachitatu, ine Loweruka. Ukandiimbire ukatuluka m'chipinda chawocho, nanenso ndidzakuimbira ndikabwerako.

Udzuke m'mawa, galimoto yoyamba tisaiphonye. Ndikuperekeza mpaka ku Zomba, ndipo ndikaima pakhomo pa ofesi ija kufikira utasaina.

Ndine amene ndinakubereka, wokwiya koma wako,

Esinala